A Munira ndi Chitsulo cha a Nickson

Mukasiya msewu wa tala wa ku Liwonde n'kutsika ndi wafumbi wolowera ku dambo la Domasi, mupeza kamsika kathu. Pamenepo pali tebulo la zitsulo zakale, ndipo pambali pake pali khonde langa. Ine ndine Everson, telala. Eni tebulo ndi a Munira, ndipo takhala moyandikana chonchi zaka pafupifupi makumi awiri, iwo ndi dzimbiri lawo, ine ndi ulusi wanga. Ndikufuna kunena za mayi amenewa, makamaka za tsiku lina mu Okutobala wa 2017 pamene moyo wa bambo wina wokalamba unatsamira pa yankho lawo limodzi. Ndikunena mtima ukundipweteka, chifukwa inenso ndinalipo.

A Munira sanabadwire m'zitsulo. Bambo awo ankagulitsa matemba a ku Chilwa, ndipo iwo sukulu anailekezera Sitandade 5. Zitsulo zinabwera ndi amuna awo, Che Twahir, amene anakhalitsa ku Joni. Anzawo pobwerako ankatsitsa malata, wailesi ndi njinga. Iwo anatsitsa mabokosi atatu a zida zakale zomwe ankatola m'magalaja a mabwana awo. Abale anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma atayala tebulo, amisiri anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina kufuna puleni, wina tchizulo, wina sipanala ya namba 13 ija imasowa nthawi zonse ngati ili ndi miyendo.

Che Twahir, mzimu wawo uuse mumtendere, anali munthu wabwino, koma mawu oti "sindikudziwa" ankawakakamira pakhosi. Chida chachilendo akachiona ankachipekera ntchito pompo. Tsiku lina anagulitsa kachitsulo kwa kalipentala wa ku Naisi, ati n'kozulira misomali. Bamboyo anabwerako chala chili chomanga nsanza, kachitsulo kali kothyoka, ndipo anatukwana msika wonse ukumva. Pambuyo pake zinadziwika kuti kanali kotsegulira zitini za nsomba. Masiku amenewo a Munira ankakhala kumbuyo kwa tebulo akupala dzimbiri ndi sandipepa, nkhope ili pansi ndi manyazi.

Amuna awo anamwalira ndi matenda a shuga mu 2009. Achibale anati zitsulozo zipite kwa ogula zitsulo zakutha pa sikelo, mayiwa ayambe kukazinga zitumbuwa ngati akazi anzawo. Anakana. Atatha miyezi ya eda, yomwe mayi wachisilamu amabindikira m'nyumba mwamuna akamwalira, anayalanso tebulo. Amisiri ena ankafika n'kufunsa kuti, "Abwana ali kuti?" Iwo ankaloza kumanda ndi chibwano n'kufunsa kuti mukufuna namba yanji. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi womwe ndimapereka ine, ndipo zikhadabo zawo sizinayerepo. Ana atatu anawalera ndi tebulo limeneli. Lamulo anaika limodzi lokha: chida chomwe sakuchidziwa sachigulitsa, ndiponso sachinamira.

Njira yawo yodziwira chida ndimaionera tsiku ndi tsiku ndili pa makina. Amayamba achigwira m'manja n'kufufuza pomwe pali posalala ndi powala, chifukwa pamenepo ndi pomwe dzanja la mwini wake linkakhala. Akapeza pogwira, amatembenukira kukamwa kwake. "Chida chilichonse chili ndi chakudya chake," amatero. "China chimadya mtengo, china chitsulo, china chikopa, china dothi. Ndipo palibe chomwe chimatsuka mkamwa." Ndiye amatokosa m'mano mwake ndi singano, amanunkhiza, nthawi zina amalawa kumene, ine n'kuwauza kuti tsiku lina adzafa ndi kafumbata. Akachizindikira, dzanja limayamba lokha kugwira ntchito m'malere, kupala kapena kupotokola, pakamwa pasanatseguke.

Chikawakanika amachiponya m'dengu la pansi pa tebulo, lomwe amalitcha dengu la alendo. Mmisiri aliyense wodutsa amamuonetsa denguli, ndipo womasulira chida chimodzi amamwa tiyi. Kachitsulo kena kooneka ngati pulayazi, koma kokhala ndi kagudumu ka manambala, kanagona m'dengumo zaka ziwiri. Anadzakamasulira ndi mkulu wina wocheka matabwa ku phiri la Malosa: kanali kopindira mano a sowo, limodzi kuno lina uko, kuti isamakanirire m'thabwa. A Munira anasangalala tsiku lonse ngati apeza mbale wawo wosochera. Inenso sanandisiye. M'kabati ya makina anga munali kaphazi kachitsulo komwe ndinakhala nako zaka khumi ndikupanikizira mapepala kuti asauluke. Anakatembenuza kawiri n'kuti, "A Telala, mesa aka n'kosokera zipi? Ndiye mumavutikiranji chonchija?" Ndinakwiya masiku awiri, lachitatu ndinakamangirira pa makina.

Motero mbiri yawo inafika kutali. Pogawa katundu wa malemu mukapezeka chitsulo chosadziwika, ankati pitani nacho kwa a Munira. Banja lina la kufupi ndi Mishoni linabwera nkhope zili zakugwa. M'sutikesi ya bambo awo anapezamo kachitsulo kolemera, kosongoka ngati nguli, komangidwa ku chingwe chakuda, ndipo ena anali atayamba kale kunong'ona kuti malemuwo ankatamba. A Munira anakanda chingwecho ndi chikhadabo, munatuluka fumbi la simenti. Anakalendewetsa pambali pa nsanamira ya khonde langa n'kuti, "N'koongolera khoma pomanga. Bambo anu anali mmisiri. Koma nsanamira ya a Telala iyi ndi yokhota." Anthu aja anabwerera akuseka. Chomwe ankawakhulupirira mayiwa sikunali kudziwa kokha ayi. Akati "sindikuchidziwa," ndiye kuti sakuchidziwadi, ndipo akati "ndikuchidziwa," umapita kwanu mtima uli m'malo.

Kenako kunabwera mphekesera ya anamapopa. Inachokera ku malire, inadutsa Mulanje ndi Phalombe, ndipo pofika Okutobala inali itatipeza. Ankati kuli anthu oyenda ndi timapaipi ndi zitsulo zosongoka, opopa magazi a anthu ali mtulo. Palibe anawaonapo ndi maso, koma aliyense anali ndi msuweni yemwe mnansi wake anapopedwa. Anthu anatchinga njira ndi mitengo n'kumasecha zikwama. Mlendo aliyense anasanduka mdani, ndipo ife amene agogo athu anafika kuno kuchokera ku Mozambiki atasenza mitolo pamutu, ndife tinali patsogolo kufunsa anthu kuti kwanu n'kuti. Sindikudzichotsamo. Ndinkayenda ndi wenzulo m'thumba la malaya. A Munira omwe anatumiza adzukulu awo kwa mng'ono wawo m'tauni ku Zomba. Mantha analipo enieni.

A Nickson anali atabwera kuno mu Ogasiti chaka chomwecho. Anagwira ntchito ya ng'ombe pa esiteti ina ku Thyolo zaka makumi atatu, ndipo akazi awo atamwalira anadzakhala ndi mwana wawo Dyna, yemwe anakwatiwa kumtunda kwa mtsinje. Anali aatali, oonda, osalankhulalankhula, chipewa cha mlaza pamutu. Ine ndinkawadziwa pang'ono. Anabwerapo ndi buluku loti ndiike chigamba pa bondo, ndipo anakhala pa benchi langa ola lathunthu akundisimbira za mvula ya kwawo.

Lachinayi limenelo, cha m'ma teni koloko m'mawa, akabaza anawaimitsa pa mphambano ya msika. Anakhuthulira chikwama chawo pansi. Munatuluka chingwe, botolo la mafuta ophikira, ndi kanthu kokulunga mu nsanza. Atamasula nsanzayo, mayi wina wa tomato anakuwa.

Chinali chitsulo chotalika ngati mpeni wa kukhitchini, cha chigwiriro cha mtengo, chosongoka ngati mkondo kunsonga. Chinali chovekedwa kapaipi kachitsulo kokwana bwinobwino. Ukasolola chosongokacho, kapaipiko kankatsala kokha, kobowoka kuchokera uku mpaka uko, ndipo mkati mwake munali zouma zofiirira. Kunena zoona, munthu akanafuna kujambula chida cha namapopa, akanajambula chimenecho.

"N'cha ng'ombe, ana anga," anatero a Nickson. "Ng'ombe ikadya nyemba zaziwisi za kudimba kapena madeya ambiri, mimba imafufuma ndi mpweya mpaka imakanika kupuma. Ndiye timaibaya pamimba ndi ichi, n'kusolola, mpweya n'kutulukira m'paipimu. Mayi Jacinta a kutsidya kwa mtsinje anditumizira uthenga kuti ng'ombe yawo ya mkaka yagona pansi. Chonde ndisiyeni ndipite, ifa."

Anthu anaseka, kuseka koipa. Kuno kwathu ng'ombe n'zowerengeka, ndipo palibe anamvapo zoti chiweto umachibaya ndi mkondo kuti chichire. Wina anati bwanji tikaitane a Jacinta, koma anamuyankha kuti kutsidya n'kutali, anzawo a madalawa angabwere kudzawalanditsa. Khofi loyamba linagwetsa chipewa. Wina anali atafika kale ndi tayala lakutha, wina ndi petulo m'kabotolo. Amene anaimitsa zinthu anali Kingsley, mkulu wa akabaza, bambo wa zaka ngati makumi anayi amene amadziona kuti ndi wachilungamo.

"Tisathamange," anatero. "Tiyeni kwa mayi Munira. Akachidziwa, madalawa apite. Akapanda kuchidziwa, ndiye basi."

Anawakokera pa tebulo la zitsulo, gulu lili pambuyo, fumbi lili koboo. A Munira analandira chitsulocho n'kuyamba mwambo wawo. Anapeza posalala pa chigwiriro. Anasolola, anabwezera, anasuzumira m'kapaipi, ananunkhiza. Ine ndinkayang'ana dzanja lawo, ndipo dzanjalo silinasunthe. Ndinadziwa pomwepo kuti chawakanika. Pambuyo pake anandiuza kuti chinkanunkha magazi akale ndi udzu wowola. Mtima wina unkawauza kuti madalawa akunena zoona, wina n'kumati nanga akakhala namapopa weniweni? Anakweza maso. Anaona mlomo wa a Nickson ukuchucha magazi, anaona tayala, anaona kabotolo.

"Ndikuchidziwa," anatero. "N'cha ng'ombe. Malemu amuna anga anali nacho chonga ichi."

Linali bodza lawo loyamba pa tebulo limenelo, ndipo linatsala pang'ono kugwira. Manja omwe anagwira a Nickson anamasuka. Ena kumbuyo anayamba kubwerera ku malonda awo, akung'ung'udza ngati awalanda nyama pakamwa. A Nickson anawerama, anatola chipewa chawo n'kuchikuntha fumbi pa bondo.

Koma Kingsley ankawadziwa a Munira kuposa onsewo. Zaka zonsezi ankagula pomwepo masipanala a njinga yake, ndipo iyenso anali ataona dzanja lija.

"Mayi, pepani," anatero. "Inu mukadziwa chida mumationetsa kagwiritsidwe kake. Lero bwanji mwangonena pakamwa? Kapena chisoni chakugwirani eti? Tichite chonchi. Mboni ziwiri sazifunsira pamodzi. Madalawa tikawafunse paokha kuti ng'ombe amaibaya mbali iti, kenako tidzafunse inuyo. Mukagwirizana, nkhani yatha."

Gulu linavomera kuti zimenezo ndiye zanzeru. Amuna anayi anawatengera a Nickson kuseri kwa shopu yanga. Shopuyo ndi kachipinda kamodzi, chitseko kutsogolo, zenera lopanda galasi kumbuyo, ndipo makina anga amakhala pakhomo penipeni. Anaima pansi pa zeneralo. Ndinamva zonse.

"Kumanzere," anatero a Nickson mosakayika. "Nthawi zonse kumanzere, pa kadzenje ka pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Chifu chachikulu chili mbali imeneyo. Kumanja ungabowole matumbo, n'kuipha."

Anabwera nawo kutsogolo, wina atawatseka pakamwa ndi chikhatho, wina atawagwirira manja kumbuyo.

"Tiuzeni, mayi," anatero Kingsley. "Kumanja kapena kumanzere?"

A Munira anayendetsa maso pang'onopang'ono ngati akuganiza, mpaka anafika pa ine. Ankadziwa kuti ndamva. Sipankafunika mawu. Ndikanangokanda m'nthiti mwanga kumanzere, kapena kukokera tepi ya pakhosi panga mbali imeneyo. Koma pa nsanamira ya khonde langa panatsamira bambo wina ndi chikwanje, ndipo ndinkaona ngati maso onse ali pa ine. Ndinaganiza za makina anga, za denga langa laudzu, za zomwe tinkamva kuti amawachita oikira kumbuyo anamapopa. Ndinachita mantha. Ndinazolika n'kuyamba kulowetsa ulusi mu singano yomwe inali kale ndi ulusi.

Ataona kuti thandizo palibe, a Munira anafufuza m'zomwe ankadziwa. Ng'ombe sanawetepo. Koma kuyambira ali mwana, pa Idi iliyonse ankaona mbuzi ikuzingidwa, ndipo kwa Asilamu chiweto amachigoneka pa mbali ya kumanzere, ya kumanja n'kukhala pamwamba. Anaganiza kuti ng'ombe yodwala yagona pansi, ndipo munthu amabaya mbali yomwe ili pamwamba. Komanso moyo wawo wonse anaphunzitsidwa kuti chinthu chabwino chimayambira kumanja: kudya, kupereka moni, kulowa mumzikiti. Kuchiza kukanakhala bwanji kumanzere?

"Kumanja," anatero.

Zomwe zinatsatira sindizifotokoza zonse. Tebulo la zitsulo linagubuduzika, ndipo anthu sanavutikenso kufuna miyala. Ndinaona mpini wa piki, ndinaona sipanala yaikulu ya mapaipi, zida zomwe a Munira anazipala dzimbiri ndi manja awo. Mayiwa anadziponya pakati akukuwa kuti, "Wanama ndine! Sindikuchidziwa! Wanama ndine!" Koma mawuwo anangosonkhezera moto, chifukwa tsopano anthu anamva kuti ngakhale a Munira sakuchidziwa. Anawakankhira kumbali, mpango wawo wa kumutu n'kugwera m'fumbi. Petulo sanafike pomuthira, poti galimoto ya apolisi inatulukira, wina atawaimbira foni. Gulu linabalalika. A Nickson anawanyamula ali chikomokere.

Dzuwa lili paliwombo kunafika mayi wina, thukuta lili kamukamu, akufunsa ngati taona bambo wamtali wa chipewa cha mlaza. Anali mayi Jacinta. Aliyense anapeza chochita ndi manja ake. Ng'ombe yawo anaipha masana omwewo isanafe yokha, ndipo m'mawa mwake nyama inali pa msika wathu womwewu, yotchipa. Anthu anagula. Ena mwa iwo ndinawaona dzulo lake atanyamula zitsulo, lero ali ndi jumbo m'manja, akukangana ndi wogulitsa kuti wawachulutsira mafupa. Sindinadanepo ndi anthu akwathu ngati tsiku limenelo, ndipo woyamba kudana naye anali ine ndemwe.

Chitsulo chija chinatsalira m'fumbi, ndipo a Munira anachitola. Lolemba anakwera minibasi kupita nacho kwa alangizi a ziweto. Mayi wa pa ofesipo anangochiyang'ana kamodzi n'kutulutsa chinzake m'kabati, chatsopano. Anajambula ng'ombe papepala n'kuika kadontho kumanzere. Kufotokoza konseko sikunatenge nthawi yowiritsira madzi a tiyi. A Munira anabwerera, anayala tebulo, n'kukhala tsiku lonse osagulitsa ngakhale msomali. Ena ankati ndi mnzawo wa anamapopa, ena ankati ndi wabodza ngati amuna awo. Kingsley ndi anzake awiri anali atatengedwa ndi apolisi, ndipo abale awo ankalavula malovu podutsa pa tebulopo. Ine palibe ankandinena kanthu.

Lachitatu m'mawa anaima pa khonde langa atavala zoyendera, m'manja muli kadengu ka nthochi.

"A Telala, tsekani. Tikukaona wodwala."

Silinali funso. Ndinatseka.

Tinawapeza a Nickson m'chipatala mutu uli m'mabandeji, diso limodzi lokha likuoneka. Dyna anali pambali pa bedi. Atamva kuti ndife ndani anaimirira kuti atithamangitse, koma bambo ake anakweza chala, iye n'kukhalanso pansi. A Munira anagwada pa simenti.

"Bambo, ndine uja wa zitsulo. Ndinanama. Chida chanu sindinkachidziwa."

"Ndinaona," anatero a Nickson, mawu akutuluka movutikira. "Munachigwira ngati sikuludiraiva."

"Ndikanangonena zoona, mwina..."

"Akanandiotcha pomwepo. Musalire, mayi. Munayesa." Kenako anafunsa kuti, "Nanga ng'ombe ija?"

A Munira anazolika, ndipo a Nickson anamvetsa. Diso lija linatsekeka, msozi n'kulowa m'bandeji. Mutu wawo sanaulirire, analirira ng'ombe ya eni ake. Kenako anapempha dzanja la a Munira. Mayi wachisilamu sagwirana manja ndi mwamuna wachilendo, koma anapereka. Analikokera pa thupi lawo, mbali ya kumanzere, pansi pa nthiti, pomwe panali potupa ndi mikwingwirima.

"Apa," anatero. "Pa kadzenje. Nsonga iloze ku bondo la kutsogolo la mbali inayo. Musaope kulimbitsa dzanja, chikopa cha ng'ombe n'cholimba. Chitsulocho musunge inuyo. Kuno kulibe wina."

Kenako diso lija linandipeza ine. "A Telala, mwabweranso? Zikomo kwambiri." Sankadziwa kanthu, ndipo zikomo ameneyo anandiwawa kuposa khofi.

Pobwerera tinatsika pa tala n'kuyamba kuyenda wapansi msewu wafumbi. Tinayenda mtunda ndithu. Kenako a Munira, maso ali kutsogolo, anati, "Anawafunsira pansi pa zenera lanu."

"Eee," ndinatero.

"Munamva."

"Ndinamva."

"Ndinakuyang'anani, a Telala."

"Ndinakuonani, mayi."

Ndinadikira kuti anditukwane. Ndikanakonda akananditukwana, kapena akanaima pakati pa msika n'kuuza aliyense. Sanatero. Anangosintha kadengu kopanda kanthu kaja kuchoka dzanja lina kupita lina, mpaka tinafika.

A Nickson anamwalira Lamlungu lotsatira. Lolemba m'mamawa, ndisanamalize kusesa pakhonde, a Munira anafika ndi nsalu yoyera yatsopano. Anali atapita kwa Dyna kukapempha kuti awalole kugula nsalu yoyala m'bokosi, ndipo Dyna, atakana kawiri, analola. Anaiyala pa makina anga.

"Kwathu kwa Asilamu sanda ya maliro sitisoka," anatero. "Koma awa ndi a mpingo ngati inu. Pindani m'mphepete monse, musokenso kapilo ka kumutu. Maliro ndi a lero masana."

Ndinawapempha kuti apite nayo kwa telala wa ku Songani. Ndinati ine manja akunjenjemera, msoko ukhota.

"Ukhote," anatero. "Musoka ndinu."

Anakoka benchi n'kukhala moyang'anizana nane, manja ali pa maondo, maso ali pa ine. Ndinakweza nsalu ija, ndinaiika pansi pa singano, ndipo ndinaponda makina.